Nthambi za philodendron zikamangowola m'botolo

Chaka chatha m'mwezi wa Juni ndinataya nthambi zisanu ndi ziwiri za philodendron m'masabata awiri okha. Anandipatsa ndi mayi ena a kutchalitchi kwathu, amene khonde lawo lonse linakutidwa ndi chomera chimenechi, masamba ake onga mtima akulendewera kuchoka kudenga mpaka pansi. Ndinafika nazo kunyumba zitakulungidwa m'nyuzipepala yonyowa, ndinaziika m'mabotolo a madzi pawindo la kukhitchini, n'kuyamba kudikira mizu. Pofika tsiku lachisanu madzi anali atachita mbuu. Patapitanso masiku atatu ndinasolola nthambi imodzi, ndipo ndinapeza kumunsi kwake kutada bii, kuli pwatapwata ngati nthochi yopsa mopitirira, fungo lake ngati la nsomba yogonera. Zinandiwawa, chifukwa mayi aja anadula nthambizo ndi mtima wawo wonse.

Anthu ambiri zikawachitikira amangoti, "Ine ndilibe dzanja la maluwa." Mawu amenewa ndimawakana. Philodendron ndi chomera chosavuta kubereketsa, ndipo nthambi yake ikawola pamakhala chifukwa chenicheni chimene munthu angachione ndi maso, kuchigwira ndi chala, kapena kuchinunkhiza. Kuyambira nthawi imeneyo ndameretsa nthambi zambiri, zina ndagawira anzanga, ndipo zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndimayang'ana nthambi ikayamba kudwala.

Kwawo kwa chomerachi

Philodendron kwawo ndi kunkhalango zotentha za ku Central America, ku South America ndi kuzilumba za Caribbean. Mitundu yake ndi yoposa 400. Dzinali linachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kukonda ndi mtengo, chifukwa mitundu yambiri imakwera m'mitengo, ikugwirira makungwa ndi mizu yotuluka m'tsinde. Ndi wachibale wa koko amene timadya, banja lake ndi limodzi lotchedwa Araceae, ndipo mukayang'ana tsamba la koko ndi la philodendron wamkulu muona kufanana kwake.

Kudziwa kwawo kumathandiza kumvetsa matenda ake. Muzu wozolowera kukangamira pa khungwa la mtengo umanyowa mvula ikagwa, kenako umauma pang'ono mphepo ikawomba. Umafuna chinyezi ndi mpweya pamodzi. Komanso pansi pa mitengo ikuluikulu dzuwa silifika lowomba, kumangowala, ndipo sikuzizira. Pafupifupi vuto lililonse limene mungakumane nalo limachokera pa kumumana chimodzi mwa zinthu zimenezi: mpweya kumizu, kuwala kosawotcha, kapena kufunda.

Amene amapezeka kwambiri m'makonde mwathu ndi wa masamba onga mtima, Philodendron hederaceum. Alipo wobiriwira yense, alipo wa mzere wachikasu pakati wotchedwa Brasil, ndi wina wa masamba ofewa ngati veleveti amene amamutcha micans. Ambiri amamusokoneza ndi chomera china choyanga, pothos, chimene ena amati money plant. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: kaphesi kogwira tsamba la pothos kali ndi kangalande, pomwe ka philodendron n'kobulungira, ndipo tsamba latsopano la philodendron limatuluka litakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene pambuyo pake kamauma n'kugwa. Mwamwayi kameretsedwe ka ziwirizi n'kofanana.

Yambani ndi mfundo

Musanaimbe mlandu madzi kapena botolo, yang'anani chimene munadula. Mizu ndi mphukira za philodendron zimatuluka pa mfundo, pamene tsamba limalumikizana ndi tsinde. Aliyense amene anadzalapo chinangwa kapena mzimbe akuidziwa nkhaniyi: phesi lopanda maso silimera. Pa mfundo ya philodendron nthawi zambiri pamakhala kachotupa kofiirira, kapena kamuzu kakafupi kolimba. Pamenepo ndi pamene pali moyo.

Tsamba lothothola ndi kaphesi kake kokha, popanda chidutswa cha tsinde, likhoza kukhala lobiriwira m'madzi kwa milungu ingapo, munthu n'kumayembekezera, koma silidzatulutsa chomera chatsopano. Pa nthambi zanga zisanu ndi ziwiri zija, ziwiri zinali masamba okhaokha.

Dulani chidutswa cha masentimita 10 mpaka 15, chokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu. Podula pakhale sentimita imodzi kumunsi kwa mfundo yotsiriza. Mukasiya tsinde lalitali kumunsi kwa mfundoyo, mbali imeneyo ilibe ntchito, ndipo ndi imene imayamba kuwola n'kukwezera matendawo kumtunda. Gwiritsani lezala latsopano kapena mpeni wakuthwa wopukutidwa ndi spiriti. Sizasi yobuntha imatafuna tsinde m'malo modula, ndipo bala lotafunika silipola msanga. Masamba a m'munsi chotsani, pasakhale tsamba lililonse lomira. Mukatero siyani nthambiyo pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti bala liume kaye. Kwa mitundu ya tsinde lonenepa ndimasiya mpaka theka la tsiku.

Chinanso chimene anthu amachita manyazi kufunsa: kumunsi ndi kuti? Mukadula nthambi yaitali m'zidutswa, n'zosavuta kuiika chadodolido. Onani kumene kaphesi ka tsamba kaloza potuluka pa tsinde, kumeneko ndiye kumtunda, ndipo kamuzu kaja kamakhala kumunsi kwa mfundo. Kuti musasokonezeke, ikani chidutswa chilichonse m'madzi mukangochidula, kapena muziyale pansi zonse zitaloza mbali imodzi.

Botolo lenilenilo

Apa ndi pamene panagona vuto langa lalikulu, ndipo ndinalizindikira mochedwa.

Mabotolo ambiri amene ndinagwiritsa ntchito anali a root beer, chakumwa chimene mlamu wanga anatibweretsera pochokera ku America. Anali anayi, agalasi lofiirira, okongola moti sindinafune kuwataya. Kwa amene sanachilawepo, dzinali limanamiza. Root beer wa m'sitolo si mowa, ndi chakumwa chozizira chotsekemera, chakuda, cha thovu lambiri, ndipo ana kunyumba atalawa anati chikumveka ngati mankhwala opaka pa msana. Kale anthu a ku North America ankachiphika okha kunyumba. Ankawiritsa makungwa a mizu ya mtengo wa sassafras pamodzi ndi sarsaparilla ndi zitsamba zina, n'kuthiramo shuga kapena manyuchi, kenako isiti pang'ono, n'kutsekera m'mabotolo kwa masiku angapo kuti chichite thovu. Charles Hires, wogulitsa mankhwala wa ku Philadelphia, ndi amene anachitchukitsa pa chionetsero chachikulu cha mumzindawo mu 1876. Mu 1960 bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, la FDA, linaletsa safrole, mafuta opezeka mu sassafras, m'zakudya ndi zakumwa zogulitsa, atapeza kuti amayambitsa khansa ya chiwindi mu makoswe oyeserapo. Kuyambira pamenepo opanga amagwiritsa ntchito zokometsera zina kapena sassafras wochotsedwa mafutawo.

Ndafotokoza kaphikidweka chifukwa n'zimene zinachitika pawindo langa. Madzi, shuga, tizilombo tosaoneka ndi maso, ndi masiku angapo: amayi ofulula thobwa akudziwa chimene chimatsatira. Mabotolo aja ndinangowatsukuluza kamodzi. Pansi pake ndi m'khosi munatsalira manyuchi ouma, ndipo nditathiramo madzi n'kuikamo nthambi ya bala laliwisi, ndinali nditakonzera mabakiteriya chakudya. Iwo akachuluka amamaliza mpweya wa m'madzi, amalowa pabala, tsinde n'kusungunuka. Ndipo poti galasi linali lofiirira, sindinaone kuti madzi asintha mpaka fungo litandiuza. Botolo lokhalo limene ndinaona msanga kuti lachita mbuu linali loyera, la jamu.

Mwana wa mchemwali wanga atamva kuti dzina la chakumwachi likunena za mizu, anafunsa ngati kuthirako pang'ono sikungathandize kuti mizu ituluke. Funso lake silachibwana, chifukwa ndamvapo akuluakulu akunena kuti chakumwa chozizira chotsala chimatsitsimula maluwa. Musayese. M'chitini chimodzi cha mamililita 355 mumakhala shuga woposa magalamu 40, masupuni a tiyi pafupifupi khumi. Chomera chimadzipangira chokha shuga m'masamba. Madzi a shuga wambiri amakoka madzi kuchoka m'mizu, monga momwe mchere umatulutsira madzi m'masamba a mpiru, ndipo m'dothi amaitana nyerere, nkhungu ndi tintchentche.

Botolo la chakumwa chilichonse chotsekemera likhoza kugwira ntchito bwino ngati latsukidwa mokwanira. Liviikeni m'madzi otentha a sopo, thiranimo timiyala kapena mchenga wokhakhala, khutchumulani mpaka pansi patayera, tsukuluzani katatu, ndipo liume padzuwa. Mukalinunkhiza lisamveke kanthu. Galasi lakuda lili ndi ubwino wake, limachepetsa ndere, koma limafuna kuti muzisolola nthambi masiku awiri aliwonse kuti muione. Khosi lopapatiza nalo lili ndi msampha: mizu ikakula n'kuchita nthambi, potulutsa imathyoka. Masiku ano mabotolo ofiirira aja ndimaikamo nthambi imodzi imodzi ndipo ndimaichotsa mizu ikadali yaifupi. Zambiri ndimameretsa m'mabotolo a kukamwa kotakasuka, a jamu kapena a chiponde.

Madzi

Madzi ongokhala amatha mpweya. Sinthani masiku atatu kapena anayi aliwonse, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala musadutse masiku atatu. Posintha tsukuluzani botolo, ndipo ngati tsinde likuterera lisambitseni ndi zala pansi pa madzi. Madzi akwane kumiza mfundo imodzi kapena ziwiri basi. Kudzaza botolo mpaka kukhosi sikufulumizitsa mizu.

Pali chifukwa china chosinthira madzi chimene kwathu kuno sitingachinyalanyaze: udzudzu umaikira mazira m'madzi oima, ndipo kukatentha umatha kukula kuchoka pa dzira mpaka kuuluka m'sabata imodzi kapena kuposerako pang'ono. Mukaona tinyongolotsi tikuvinavina m'botolo, tayirani madziwo padothi louma padzuwa nthawi yomweyo.

Madzi a mvula ndiye abwino koposa. A pampopi amagwira ntchito, ndipo ngati akununkha klorini atungireni m'ndowa agone usiku umodzi. A pamjigo nawonso ali bwino, kupatula kumene madzi ake ndi amchere, monga mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Chizindikiro cha mchere ndi nsonga za masamba zopserera ndi zoyerayera zouma m'mbali mwa mphika. Feteleza musathire m'botolo mizu isanatuluke.

Musathithikize nthambi zambiri m'botolo limodzi. Imodzi ikawola imapatsira zinzake.

Kuzizira

Cholakwa changa chachitatu chinali kumeretsa m'mwezi wozizira wa Juni. Philodendron amakula bwino kukamafunda pakati pa madigiri 18 ndi 29, ndipo kukazizira kutsika pa madigiri 13 amangoima, osakula. Pawindo la galasi usiku wa Juni ndi Julayi, makamaka kumadera okwera ngati Dedza, Mzuzu kapena Zomba, madzi a m'botolo amazizira kwambiri. Nthambi imangokhala ndi bala lotseguka, osatulutsa mizu, ndipo ikachedwa choncho kuwola kumaipeza.

Kukafunda mizu imaoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi. Nthawi yozizira imatha kutenga kawiri kuposa pamenepo, mwinanso osatuluka. Ngati mungathe kudikira, dulani kuyambira Seputembala kupita m'tsogolo mpaka mvula itatsala pang'ono kutha. Ngati mwapatsidwa nthambi m'chisanu ndipo simungaikane, ichotseni pawindo dzuwa likamalowa, muiike pakabati kapena pashelefu mkati mwa nyumba, kutali ndi chitseko cholowa mphepo.

Kuwala kukhale kokwanira kuwerenga nyuzipepala osayatsa getsi, koma dzuwa lisamenye botolo. Dzuwa la masana limafunditsa madzi, kubereketsa ndere ndi kuwaula masamba. Windo loyang'ana kummawa ndi labwino, kapena lina lililonse lokhala ndi katani yopyapyala.

Kupulumutsa nthambi imene yayamba kale

Isololeni muigwire. Tsinde labwino ndi lolimba. Ngati kumunsi kwafewa, dulani ndi lezala loyera pang'onopang'ono kukwera m'mwamba mpaka mkati muoneke moyera kapena mobiriwira, mopanda kadontho kakuda. Pukutani lezala ndi spiriti nthawi iliyonse mukadula, apo ayi mukhala mukudzala matendawo pabala latsopano. Ngati kumtunda kwatsala mfundo yolimba ngakhale imodzi, nthambiyo ikadali ndi moyo. Isiyeni iume maola angapo, pabala mukhoza kupakapo fumbi la makala, kenako muiike m'botolo lina lotsuka bwino. Ngati kuwola kwafika pa mfundo yomaliza, tayani, ndipo musaiponye pa manyowa amene mudzadzalire maluwa ena.

Tsamba limodzi lakale kuchita chikasu pamene tsinde lili lolimba si vuto. Nthambi ikudya chakudya chimene inasunga. Lichotseni likafota. Komanso timatuza toyera totuluka pa tsinde lomira si nkhungu. Tikakhala tolimba ndipo sitichoka mukatipukuta, ndi poyambira mizu.

Mizu yatuluka, koma ndikadzala ikufota

Ili ndi dandaulo lachiwiri limene ndimamva kawirikawiri, ndipo limapweteka kuposa loyamba chifukwa munthu amakhala atasangalala kale.

Mizu yomera m'madzi ndi yofewa, yozolowera kusambira. Ikakhalitsa m'botolo miyezi n'kutalika ngati ulusi, imavutika kuzolowera dothi. Dzalani ikafika masentimita 3 mpaka 5, makamaka ikayamba kuchita timizu ta m'mbali.

Mphika ukhale waung'ono. Chitini cha majarini kapena kachigubu kodula pakati n'kokwanira nthambi ziwiri kapena zitatu, bola pansi pabooledwe mabowo angapo. Mphika waukulu umasunga madzi ochuluka amene timizu tating'ono sitingamalize, ndipo dothi limakhala chinyowere mpaka mizu kuwola. Kuyala miyala pansi pa mphika wosaboola sikuthandiza, madzi amangodikha momwemo.

Dothi la katondo lotapa kuseri kwa nyumba ndi limene lapha philodendron ambiri. Likanyowa limamatana ngati phala, likauma limalimba ngati njerwa. Ine ndimasakaniza magawo awiri a manyowa owolerana bwino, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la zinthu zotsegula mpata: makala ophwanya ngati nsawawa, mankhusu a mpunga, kapena makungwa a paini ouma odulidwa tizidutswa. Utuchi watsopano ayi. Poyesa, nyowetsani n'kufumbata: mukatambasula dzanja, chibulumacho chiyenera kumwazika mukachikhudza. Mukathira madzi pamwamba ayenera kutulukira pansi musanachoke pamalopo.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri dothi likhale lonyowa pang'ono nthawi zonse, osati chithaphwi, kuti mizu isadzidzimuke. Ngati kuli mphepo youma, vindikirani ndi jumbo yoonekera mkati yoboola, muzivundukula tsiku lililonse kwa kanthawi. Pambuyo pake yambani kutalikitsa masiku othirira. Kufota pang'ono masiku atatu oyamba n'kwachibadwa. Kukapitirira sabata, zulani mosamala muone mizu.

Njira ina ndi kulambalala botolo n'kudzala nthambi m'dothi lomwelo kuyambira pachiyambi, mfundo imodzi itakwiririka. Mizu yake imabadwa yozolowera dothi. Chovuta n'choti suona chimene chikuchitika, ndiye pakatha masabata atatu kapena anayi umakoka pang'ono: ikakana kutuluka, yagwira.

Chomera chachikulu chikamachita chikasu

Masamba achikasu ali ndi zifukwa zingapo, ndipo chala chanu ndi chimene chingakuuzeni. Pisani m'dothi mpaka mfundo yachiwiri ya chala. Ngati muli chinyontho, musathirire, ngakhale masamba akuoneka ofota. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mizu ikawola chomera sichitha kumwa, chimafota ngati chili ndi ludzu, mwini wake n'kuwonjezera madzi, n'kuchimaliza. Masamba angapo kuchita chikasu nthawi imodzi, dothi lonyowa ndi fungo la chithaphwi, ndiye kuti mizu yawola. Zulani chomeracho, sambitsani mizu, dulani yonse yakuda yofewa imene khungu lake limasupuka mukaikoka, musiye yoyera yolimba, mudzale m'dothi latsopano ndi mphika wocheperako. Ine pochita zimenezi ndimadulanso nthambi ziwiri za kunsonga n'kuziika m'madzi, kuti mayi wake akafa mbewu isathe.

Ngati dothi lauma mpaka kulekana ndi mphika, masamba apinda ndipo m'mbali mwake mwauma, limenelo ndi ludzu lenileni. Imikani mphika m'beseni la madzi kwa theka la ola kuti dothi limwe kuchokera pansi, kenako muutulutse ukhe.

Kuthirira kotsata kalendala, koti Lolemba lililonse, sikugwira. Mphika womwewo umene umauma m'masiku atatu mu Okutobala umatha masiku khumi mu Julayi. Ndipo nthawi ya dzinja, miphika ya pakhonde imene ikulandira madzi otsika padenga isuntheni.

Zigamba zoyera kapena zofiirira zouma ngati pepala pakati pa tsamba ndi dzuwa. Madontho onyowa amene akukula msanga n'kumanunkha ndi mabakiteriya: dulani tsambalo, patulani chomeracho kwa zinzake, ndipo lekani kuthirira pamasamba. Nsonga zopserera patangopita masiku ochepa muthire feteleza ndiye kuti munachulutsa. Feteleza wa chimanga ndi wamphamvu kwambiri kwa chomera cha mumphika, timibulu tochepa tomwe timatha kuwotcha mizu. Zikachitika thirani madzi ambiri adutse m'dothi kangapo. Manyowa owolerana odzaza dzanja limodzi pamwamba pa dothi, kawiri kapena katatu nyengo yofunda, amakwanira.

Nthambi zazitali za masamba ang'onoang'ono otalikirana ndi chizindikiro cha mdima. Chimodzimodzi Brasil kapena mtundu wina wa mawanga wotchedwa Pink Princess akamatulutsa masamba obiriwira okhaokha. Musunthireni powala, ndipo dulani nthambiyo kubwerera pa tsamba lomaliza limene linali ndi mawanga, kuti mphukira yatsopano ichokere pamenepo. Mukafuna masamba akuluakulu mpatseni chokwera. Mtengo wokulungidwa ndi chiguduli, wonyowetsedwa nthawi ndi nthawi, umachititsa kuti mizu ya m'tsinde igwire, ndipo masamba amakula kuposa a nthambi yongolendewera.

Tizilombo, ndi timadontho tomata

Kodikodi amabisala pamene tsamba lakumana ndi tsinde, ngati tizidutswa ta thonje. Alimi a chinangwa amamudziwa. Mpukuteni ndi thonje loviika mu spiriti, kenako tsukani chomera chonse ndi madzi a sopo pang'ono, ndipo mubwereze sabata iliyonse katatu chifukwa mazira amatsala. Akangaude ofiira, onga aja a pa tomato, amabwera nyengo yotentha ndi youma. Tsamba limachita timadontho totuwa ndipo kunsi kwake kumakhala ulusi wopyapyala. Sambitsani kunsi kwa masamba ndi madzi kawirikawiri. Tintchentche takuda touluka pamwamba pa mphika tikukuuzani kuti dothi silikuuma.

Koma si chomata chilichonse chimene chili matenda. Philodendron ambiri amatulutsa timadontho totsekemera pa kaphesi ndi kunsi kwa tsamba, ndipo kwawo kunkhalango timeneti timakopa nyerere zimene zimateteza chomeracho. Ndinatha sabata yathunthu ndikufunafuna tizilombo pa chomera chimene chinalibe vuto lililonse. Mukaona timadonthoto popanda kachilombo, ingopukutani ndi kansalu konyowa. Kadontho ka madzi kolendewera kunsonga ya tsamba m'mamawa nakonso n'kachibadwa, kamangosonyeza kuti dothi lili ndi madzi okwanira, mwina ochulukirapo.

Nthambi imene simukufuna kuitaya

Ngati chomeracho ndi chodula, kapena muli nacho chimodzi chokha, meretsani mizu musanadule. Sankhani mfundo yokhala ndi kamuzu, ikulungeni ndi ndere za m'nkhalango zonyowa kapena ulusi wa chikhokho cha kokonati, kutirani ndi pulasitiki yoonekera mkati n'kumanga momasuka kumtunda ndi kumunsi. Muzinyowetsa zikayamba kuuma. Mizu ikaoneka kudzera m'pulasitiki, dulani kumunsi kwake n'kudzala. Kwa woyanga uja n'kosavuta kuposa apa: gonekani nthambi pa kamphika ka dothi pambali pa mayi wake, panikizani mfundo ndi kawaya kopinda, ndipo mudzadule ikagwira, monga momwe kholowa amagwirira pansi payekha.

Mitundu ina siyanga, imakula ngati chitsamba, masamba onse akuchokera pa tsinde limodzi lalifupi. Birkin ndi wotero, komanso uja wa masamba akuluakulu ong'ambikang'ambika wa m'mabwalo a maofesi ndi mahotela, amene ambiri amamutchabe selloum ngakhale akatswiri anamusamutsira ku gulu la Thaumatophyllum mu 2018. Amenewa musavutike kufuna nthambi yoika m'botolo. Dikirani ana otuluka m'mbali mwa tsinde, ndipo mwana akakhala ndi masamba angapo ndi mizu yakeyake, mulekanitseni ndi mpeni monga timachitira ndi nthochi.

Utomoni wake

Mbali zonse za philodendron zili ndi timibulu tosongoka ta calcium oxalate, tomwe tija timachititsa koko wosapsa kuyabwa pakhosi. Mwana, mphaka kapena galu akatafuna tsamba, mkamwa mumawotcha, malovu amachuluka, ndipo milomo ndi lilime zimatha kutupa. Mtsukeni mkamwa, mpatseni madzi kapena mkaka wozizira, ndipo ngati akuvutika kumeza kapena kupuma thamangirani naye kuchipatala. Mukatha kudula sambani m'manja musanagwire m'maso. Ndipo ngati mukumeretsa m'mabotolo a zakumwa monga ndimachitira ine, aikeni pamwamba pomwe mwana safika, chifukwa kwa iye botolo lotero ndi lomwera.

Mu Okutobala ndinabwerera kwa mayi aja n'kuwauza zonse. Anandidulira nthambi zina zinayi, ulendo uno tikuwerengera limodzi mfundo. Zonse zinatulutsa mizu sabata yachitatu isanathe, ziwiri m'mabotolo ofiirira omwe aja, ndipo imodzi pano yafika pa mtanda wa denga la khonde.